KODI N'CIFUKWA NINJI MALO ENA MU LUSAKA AKALI CHIRE?

Munthu amene afuna malo omangapo nyumba mu Lusaka amauzidwa kuti malo anatha. Koma akakwera basi ndi kuzungulira mzinda, aona madambo, nkhalango ndiponso mapuloti ocingidwa ndi waya, mmene mungomera udzu. Tsono afunsa kuti: ngati anthu apanikizana cotere mu Kanyama ndi mu Chawama, malo awa agoneranji?

Funsoli ndi loyenera. Pamene likulu la dziko linacoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, mzindawu unakonzedwera anthu ocepa. Mu 1970 malire ake anafutukulidwa kufikira makilomita 360 m'bwalo lake lonse, ndipo kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Komabe si malo onse opanda nyumba amene ali ogona. Zifukwa zake n'zosiyanasiyana.

Coyamba cili pansi pa nthaka. Mbali yaikulu ya Lusaka ikhala pa thanthwe la mwala wa njereza, limene lili ndi ming'alu ndi mapanga osunga madzi. Kumwera ndi kumadzulo kwa mzinda thanthweli lili pafupi kwambiri, ndipo dziko ndi lacidikha, kotero kuti mvula ikacuruka madzi asowa kolowera. Akuluakulu akumbukira cigumula ca ku Kanyama mu 1978. Kukumba ngalande kapena kuika mipope pa thanthwe lotere kufuna ndalama zambiri, n'cifukwa cake omanga ena amalambalala malowa.

Thanthwe lomweli ndilo nkhokwe ya madzi a mzinda. Madzi ena amacokera ku mtsinje wa Kafue, koma ena ambiri amapopedwa m'zitsime zakuya za mu Lusaka momwemo. Mvula ikagwa pa nkhalango imalowa pansi ndi kudzaza nkhokweyo. Ikagwa pa malata ndi simenti imangothamanga. Ndipo pamene pamangidwa nyumba zothithikana, zonyansa za m'zimbudzi zimatsata ming'alu yomweyo kufikira m'zitsime. Kolera ya mu 2017 ndi 2018, ndiponso ya mu 2023 ndi 2024, inationetsa mtengo wa madzi oipa.

Motero malo ena anasiyidwa dala. Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kumwera ca kum'mawa kwa mzinda, ili ndi mahekitala oposa 6,000. Nkhalango ya nambala 27 kum'mawa, kumene kucokera mtsinje wa Chalimbana, nayo ili ndi mbiri yake: inacotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa mu 1983, ndipo inabwezedwapo mu 1996 anthu a m'mbali mwa mtsinjewo atadandaula kuti madzi ali kucepa. Pamene zigawo zina zinadulidwanso kuyambira mu 2017, nkhani inafika mpaka ku makhoti.

Cifukwa cina ndi ca umwini. Malo ambiri ooneka ngati opanda mwini ali ndi eni ake: asilikali, masukulu akulu, njanji, mabwalo a ndege, ndi mipata ya pansi pa nthambo zazikulu za magetsi, pamene lamulo liletsa kumanga. Kunja kwa malire a mzinda kuli minda ya alimi ndi malo a mafumu, a Mfumu Nkomeshya kum'mawa ndi a Mfumu Mungule kumpoto. Malo a mwambo sangakhale ndi cikalata ca umwini popanda cilolezo ca mfumu ndi khonsolo, ndipo ulendo umenewo umatenga nthawi.

Koma palinso malo ogona cifukwa ca dyera. Munthu alandira puloti, aicinga, nangoyembekeza kuti mtengo ukwere. Vutoli si lacilendo. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda anadzudzula malonda otere, ndipo lamulo la caka comweco linathetsa umwini wamuyaya, nilinena kuti nthaka yopanda citukuko isagulitsidwe. Lamulo la malo la mu 1995 linabwezera mtengo ku nthaka. Lero malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, ndipo wolandira amabwereka kwa zaka zosapitirira 99, ndi pangano lakuti ayambe kumanga. Akalephera, Komishinala wa Malo ali ndi mphamvu yakulanda malowo atapereka cenjezo.

Tisaweruze onse mofanana. Ena sanamange cifukwa kumaloko kulibe msewu, madzi kapena magetsi. Ena amanga pang'onopang'ono, thumba la simenti mwezi uno, njerwa mwezi wa mawa. Mapuloti enanso amangika pa milandu, pamene ana alimbana za cuma ca masiye, kapena malo amodzi anagulitsidwa kwa anthu awiri.

Nchito imene ili patsogolo pathu ndi kusiyanitsa. Puloti ya m'kati mwa mzinda, pafupi ndi msewu ndi mpope, ikagona zaka khumi, imakankhira mabanja kutali kumene basi idula ndalama zambiri. Imeneyo iyenera kumangidwa kapena kupatsidwa kwa wina. Koma dambo ndi nkhalango ziyenera kusiyidwa. Inu amene mufuna malo, musanapereke ndalama, pitani ku Unduna wa Malo ndi ku khonsolo mukafunse ngati malowo ndi ololedwa kumangapo. Mwina chire limene mwaliona ndilo citsime ca madzi amene ana anu amamwa.