Tayala Limakalamba Ngakhale Lisanathe

Oyendetsa galimoto ku Chililalila mu Kabwe akamagula tayala logwirapo kale nchito, kawirikawiri amayang'ana mizere yake cabe. Koma mphira imakalamba ngakhale mizereyo ikali yakuya.

Mu 2003, bungwe la NHTSA loona za citetezo pa miseu ku America linapima matayala ocotsedwa pa magalimoto a mu mzinda wotentha wa Phoenix. Linapeza kuti kutentha ndi mpweya zimaumitsa mphira mkati, ndipo zigawo za tayala zimayamba kulekana.

Conco tayala lakale lingaphulike pa mseu wa Great North dzuwa la Okutobala likaswa mtengo. Manambala anai otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT amaonetsa pamene linapangidwa: 2319 ndi sabata la 23 mu 2019. Kampani ya Michelin imalangiza kuleka kugwiritsa nchito tayala likakwanitsa zaka 10.