WAILESI YA PA INTANETI IKAMADUKIZA MAWU

Bambo anga adapita ku Joni pa Theba mu 1981, ndipo adabwerako ndi zinthu ziŵiri zimene sizidawachoke: chifuŵa cha fumbi la m'migodi ndi chizoloŵezi chomvera wailesi. Kwa zaka zambiri ankakhala pakhonde la nyumba yathu kuno kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, akupotokola wailesi yawo ya miyala kufunafuna Chinyanja chochokera ku Johannesburg. Nyumba youlutsa mawuyo idayamba mu 1966 ndi dzina loti Radio RSA, ndipo mu 1992 idasanduka Channel Africa. Koma mu Marichi 2019 makina a ku Meyerton amene ankaponya mawu ake pa shortwave adazimitsidwa, tsono wailesi ya bambo idangotsala ndi phokoso longa la mvula pamalata.

Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Joni komweko adamva chisoni, natumiza pabasi kabokosi kakale komvera wailesi za pa intaneti, kamene adagula kwa munthu amene adatopa nako. Kabokosika sikakoka mawu m'mlengalenga monga wailesi wamba. Kamawalandira kuchokera ku foni kudzera pa Wi-Fi. Popeza maso a bambo adachita ng'ala, kotero kuti nyuzipepala sangaŵerengenso, kabokosika ndiko kankawauza ngati kumene kuli mwana wawo kwagona mtendere.

M'nyengo ya manachesi ya 1 chaka cha 2023 kadayamba matenda. Woŵerenga nkhani amati ali pakati pa chiganizo, mawu zii. Patapita kamphindi n'kubweranso ali pankhani ina. Tsiku lina bambo adandiitana nati, "Aphunzitsi, wailesi yanga yakale ikamadwala inkabuula, munthu n'kudziŵa kuti ikudwala. Iyi imangoti duu ngati mkamwini wokwiya. Kodi ku Zomba kuja simudaphunzireko zimenezi?" Mayi adagamula kuti chinthucho chakalamba, chitayidwe. Ine ndidapempha kuti mlandu uyambe wamveka.

Bambo adaaona chinthu choona. Wailesi wamba imatola mafunde amene amayenda mosalekeza, ndipo akafooka mawu amafooka nawo pang'onopang'ono. Pa intaneti mawu amadulidwa m'timitolo ting'onoting'ono, ndipo kabokosi kamayamba kasunga timitolo tokwana masekondi angapo kasanayambe kuyankhula. Tiyerekeze ndi mtsuko wokhala ndi kampopi pansi, umene ana akuthiramo madzi a pamjigo. Ana akachedwa pang'ono, wakumwa sadziŵa kanthu chifukwa mumtsuko mukadali madzi. Akachedwa kwambiri mtsuko umauma, ndipo kampopi kamaleka kudontha kufikira madzi atadzazanso. Kudukiza kwa mawu ndiko kuuma kwa mtsuko. Funso n'lakuti ana achedwera pati, poti njira njaitali: kuchokera ku nyumba youlutsa mawu, kudzera pansanja ya netiweki, kufika pafoni, kenaka m'kabokosi.

Ndidatenga kope la sukulu n'kujambulamo mizere. Mdzukulu wa bambo, mtsikana wa Fomu 2, ndiye ankalemba tsiku, ola, wailesi imene tinkamvera, pamene foni idaikidwa, ndi chimene chidachitika mawu asanaduke. Lamulo lathu lidali limodzi: kusintha chinthu chimodzi chokha patsiku. Wosintha zitatu nthaŵi imodzi, matenda akatha sadziŵa mankhwala amene achiza. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Patatha sabata kope lidayamba kuyankhula. Poyamba lidatisonyeza kuti mawu ankaduka kwambiri foni ikakhala m'thumba mwanga kuchipinda. Makoma a njerwa ndi denga la malata zimafooketsa mafunde, a nsanja ndi a Wi-Fi omwe. Ndiponso ife a Mwanza tili ndi vuto lathulathu: Zobue ali pafupi, ndipo foni yosiyidwa kuti idzisankhire netiweki nthaŵi zina imalumphira nsanja za ku Mozambique, kumene bandulo ya kuno sigwira ntchito. Tidaiuza foni netiweki yoti izikhalapo, n'kuipezera malo pazenera loyang'ana kumene kuli nsanja, kabokosi kali chapafupi. Tidaonetsetsanso kuti hotspot ili pa 2.4 GHz, pakuti mabokosi ambiri akale saona 5 GHz.

Chachiŵiri chidandichititsa manyazi, chifukwa wolakwa ndidali ine. Munthu akandiimbira, foni inkatsika kuchoka pa 4G kupita pa netiweki yakale, ndipo intaneti inkaima kaye mpaka titatha kuyankhulana. Komanso batire ikachepa, foni inkazimitsa yokha hotspot pofuna kusunga moto. Mankhwala ake adali kupatula foni yakale yosweka galasi kuti ikhale ya wailesi yokha, yoti pasakhale woiimbira, ndi kuchotsa lamulo losunga moto lija.

Chachitatu chidali cha madzulo. Kuyambira dzuŵa litaloŵa mpaka nthaŵi yogona, pamene bambo ankakonda kumvera mawailesi a ku Zambia, mawu ankaduka ngakhale foni ili pamalo pake. Imeneyi ndiyo nthaŵi imene anthu onse aŵeruka ndipo ali pafoni, tsono nsanja imodzi imagaŵira mphamvu yake anthu ambiri, monga mjigo m'mamaŵa. Apa masamu amathandiza. Wailesi yotumiza mawu pamlingo wa makilobiti 128 pasekondi imadya mamegabaiti pafupifupi 58 paola; ya 64 imadya 29; ya 32 imadya 14. Womvera maola aŵiri patsiku pa 128 amatha magigabaiti atatu ndi theka pamwezi, ndalama zimene mphunzitsi amazimva m'thumba. Nyumba zina zoulutsa mawu zimapereka milingo iŵiri kapena itatu. Titasankha wotsika mtsuko udaleka kuuma, bandulo idayamba kukhalitsa, ndipo pankhani zoyankhula khutu la bambo silidamve kusiyana kulikonse.

Padatsala kuduka kwa mtundu wina, kumene tikadakusokoneza ndi kwinaku pakadapanda kope. Usiku kukada kwambiri, makamaka tsiku la mitambo ndi chiperoni, nyali ya kabokosi inkazima n'kuyakanso. Uku sikudali kuuma kwa mtsuko koma kukomoka kwa kabokosi komwe, chifukwa batire ya sola idali itatsika mphamvu. Wofufuza aziyang'ana nyali: ikakhala chiyakire mawu ataduka, vuto lili panjira, ikazima, vuto ndi moto kapena chingwe chake.

Zonsezi zitakonzeka, wailesi imodzi idakanabe kuyankhula, pamene zina zinkamveka bwino. Pafoni inkamveka, m'kabokosi ayi. Chizindikiro chimenechi chimatanthauza kuti mwini wailesi wasintha keyala yake ya pa intaneti kapena kalongedwe ka mawu, ndipo bokosi lakale silidziŵa keyala yatsopano kapena silitha kumasula mtolowo. Si ife tokha amene tidakumana nazo. Mu 2021 Reciva, imene inkasunga mndandanda wa mawailesi m'malo mwa mabokosi ambiri, idatsekedwa, ndipo mabokosi osaonongeka m'maiko ambiri adasoŵa kolozera. Mu 2023 BBC nayo idasiya njira ina yakale yotumizira mawu, eni mabokosi akale nadandaula. Mabokosi ena amalola kuti mwini alembemo keyala yatsopano ndi manja. Kathu kadakana, koma kumbuyo kwake kudali kabowo kolandirira mawu. Ndidagula kachingwe pamsika wa pa Mwanza, n'kulumikiza foni ndi kabokosi. Foni ndiyo imatola wailesi, kabokosi n'kumangokuza mawu.

Kwa aphunzitsi anzanga, makamaka a sayansi, ndinene kuti kope lija lidaphunzitsa mtsikana wa Fomu 2 zimene ndidalephera kuphunzitsa ana ambiri pabolodi: kuyang'ana, kulemba, kusintha chinthu chimodzi, ndi kuyesanso. Kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira ntchito, dziŵani kuti m'midzi mwathu mwadzaza zipangizo zotumizidwa ndi abale a ku Joni, ndipo zambiri zimatayidwa zisadafe chifukwa palibe wofunsa kuti zikudwala pati. Amene aphunzira kufunsa funso limeneli mwadongosolo sadzasoŵa womuitana.

Kabokosi kaja kadakhala pazenera, kachingwe kali lende. Tsiku limene nkhani zidamveka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, bambo adapempha kopelo, naligwiragwira ngakhale sakanatha kuliŵerenga. Kenaka adauza mdzukulu wawo kuti alisunge bwino m'sutikesi momwe muli mapepala awo a Theba, poti matenda amabweranso.