Nyali zoonjezera kumbuyo kwa pikapu: kodi waya adutse pati?

Nthawi yokolola ikafika ku Milange, mapikapu sapuma. Amalowa m'midzi kukanyamula cimanga, nandolo ndi soya. Ena amalunjika kumalire a Muloza, ena amatenga msewu wa N11 wopita ku Mocuba. Nthawi zambiri matumba amapakidwa kunja kutada kale. Nyali zoyera zomwe galimoto inabwera nazo siziwala mokwanira, ndiye eni ake amagula zina ziwiri n'kuzimanga kumbuyo.

Kumanga nyali n'kosavuta. Nchito yeniyeni ili pa waya. Batire ili kutsogolo, nyali zili kumbuyo, ndipo waya ayenera kuyenda mamita 5 kapena 6 pansi pa galimoto. Akayenda molakwika, angayatse moto n'kuwononga galimoto pamodzi ndi katundu. Kaya muyika nokha, kaya mupita kwa makaniko, ndi bwino mudziwe zoyenera kuyang'ana.

Yambani ndi masamu

Pa bokosi la nyali pamalembedwa nambala ndi cilembo W. Imeneyo ndi mphamvu ya nyaliyo. Batire ya pikapu ngati Toyota Hilux kapena Isuzu ndi ya 12V. Phatikizani ma W a nyali zonse, kenako mugawe ndi 12. Yankho lake ndi magetsi omwe adzadutse mu waya, ndipo amawalemba ndi cilembo A.

Tiyeni tiyese. Nyali ziwiri za LED, iliyonse 18W, zikupanga 36W. Tikagawa 36 ndi 12 tipeza 3A. Apa fyuzi ya 5A ndi waya wa 1.5 mm² zikwanira. Koma nyali ziwiri zakale zija za 55W zikupanga 110W, ndipo zimakoka pafupifupi 9A. Zimenezi zifuna fyuzi ya 15A ndi waya wonenepa wa 2.5 mm². Waya woonda kwambiri amatentha, komanso nyali siziwala bwino.

Fyuzi ikhale pafupi ndi batire

Musanagwire ciliconse, zimitsani injini ndipo mumasule mutu wa batire womwe uli ndi cizindikiro ca −. Mukaiwala, sipanala ingakhudze citsulo n'kuthetheka.

Waya watsopano ayambire pa mutu wa +. Fyuzi muyiyike pompo, osapitirira masentimita 30 kucokera pa batire. Cifukwa cake n'ciyani? Citsulo conse ca galimoto cinalumikizidwa ku mutu wa −. Waya wa + akasupuka n'kukhudza citsulo, magetsi ambiri amathamangira pamenepo. Ndiyo shoti imeneyo. Fyuzi imaduka msanga, magetsi n'kuleka. Koma fyuziyo imateteza waya yekhayo amene ali patsogolo pake. Mukayiyika kumbuyo pafupi ndi nyali, mamita onse 5 aja atsala opanda mlonda.

Musabe magetsi pa waya wa nyali zofiira kapena za mabuleki. Mawaya amenewo anawayezera nyali zawo zokha. Mukawasenzetsa katundu wina, fyuzi yawo ingaduke muli pamsewu usiku, ndipo wobwera kumbuyo sakuonani.

Switchi ndi relay

Switchi ikhale mkati, pomwe dalaivala akuyiona. Yabwino ndi ija yokhala ndi kanyali, kuti musaiwale kuzimitsa. Nyali zikakhala zamphamvu, onjezani kabokosi kochedwa relay, pa Cipwitikizi amati relé. Switchi imangokauza kuti yatsa, ndipo iko ndiko kamanyamula magetsi ambiri.

Tembenuzani relay muone manambala pansi pake. Pa 30 pamalowa waya wocokera ku fyuzi. Pa 87 pamatuluka waya wopita ku nyali. Pa 86 pamabwera waya wa switchi. Pa 85 pamapita ku citsulo ca galimoto. Basi, manambala anayi okha.

Adani atatu a waya

Tsopano gonani pansi pa galimoto muyang'ane. Muona zitsulo ziwiri zazitali zocokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Imeneyo ndi chassis. Muonanso mtolo wa mawaya omwe opanga galimoto anamanga m'mbali mwake. Njira yanu ndi yomweyo. Iwo anasankha kale malo abwino, inu ingotsatirani.

Mdani woyamba ndi kutentha. Paipi ya utsi imatentha kwambiri, moti pulasitiki ya waya imasungunuka. Dutsani mbali yomwe kulibe paipiyo. Musamangenso waya pa paipi ya mafuta kapena ya mabuleki.

Mdani waciwiri ndi kukhuzana. M'misewu yafumbi ya kumidzi galimoto imanjenjemera ulendo wonse. Waya wogona pa citsulo cakuthwa amadyeka pang'onopang'ono, ngati cingwe ca pacitsime. Mulowetseni mu kapaipi ka pulasitiki, ndipo muzimumanga pa masentimita 30 alionse. Asalendewere, cifukwa zitsa ndi udzu zimamukoka. Akhale kutali ndi masipuling'i, matayala ndi citsulo cozungulira cija copita ku matayala akumbuyo. Polowa mkati mokhala dalaivala, adutse pa bowo lokhala ndi labala. Mukaboola bowo latsopano, valikani labala. Musasiye waya akhudze m'mphepete mwa citsulo.

Pali malo amodzi omwe ambiri amaiwala. Mutu wa pikapu ndi bodi yonyamula katundu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa mabampu, ciliconse cimagwedezeka pacokha. Waya wodutsa pakati pake akakhala wokungika, amaduka. Musiyeni wolobodoka pang'ono pamenepo.

Mdani wacitatu ndi madzi. Paja kuno mvula imagwa yambiri, ndipo matope amafika ponseponse pansi pa galimoto. Madzi amalowera pa mfundo. Conco waya akhale mmodzi wathunthu kucokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pomwe mfundo siyingapeweke, musangopota ndi zala. Womberani ndi mtovu kapena finyani ndi kolumikizira, kenako kutirani bwino. Mfundoyo ikhale pamwamba, pomwe matope safika msanga.

Njira yobwerera

Magetsi akafika pa nyali, amafuna njira yobwerera ku batire. Njira yake ndi citsulo ca galimoto. Amakaniko amati earth, ena amati massa. Mangani waya waciwiri wa nyali pa bawuti ya pa chassis. Yambani mwapala penti ndi dzimbiri mpaka citsulo ciwale. Mukamanga, pakani girizi pamwamba. Nyali ikamaphethira kapena kuwala mofooka, yambani kuyang'ana pamenepa.

Mukamaliza

Bwezerani mutu wa batire, muyatse nyali kwa mphindi zingapo. Gwirani waya ndi dzanja. Sayenera kutentha. Fyuzi ikaduka, musamangepo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Musayikenso fyuzi yaikulu. Kuduka kwake kukukuuzani kuti penapake pali shoti, ndiye mupafunefune.

Pomaliza, nyali zimenezi n'zopakirira katundu ndi kubwerera m'mbuyo basi. Pamsewu, kumbuyo kwa galimoto kumaoneka nyali zofiira. Nyali yoyera imathobwa m'maso wa njinga yamoto kapena dalaivala amene akukutsatirani, ndipo apolisi angakuimitseni. Matumba akakwera, zimitsani, kenako nyamukani.

Yesani nokha: nyali ziwiri, iliyonse 24W, pa batire ya 12V, zikoka ma A angati?