Fodya ndi Mtengo wa Maple: Mafuko Awo ndi Kasungidwe Kake

Lero tilinganiza zomera ziwiri zosiyana kutalitali: fodya amene timlima tokha, ndi mtengo wa maple umene umamera m'maiko ozizira a Canada, Amerika, Ulaya ndi China.

Akatswiri sagawa zomera poyang'ana msinkhu, koma poyang'ana maluwa ndi zipatso, monga anachitira Carl Linnaeus wa ku Sweden m'buku lake la 1753. Motero fodya, dzina lake Nicotiana tabacum, ali m'fuko la Solanaceae pamodzi ndi matimati, mabiringanya, tsabola ndi kachewere. Izi si nzeru za m'kalasi chabe ayi. Tinyongolotsi totupitsa mizu ya matimati ndi tomweto tidzalowanso m'mizu ya fodya, chifukwa chake sitiyenera kuika nazale pamalo pamene padali matimati. Maple, amene akatswiri amamutcha Acer, kale anali ndi fuko lakelake, koma tsopano amuika m'fuko la Sapindaceae. Zoterezi zisatidabwitse, pakuti ngakhale mlombwa, ndi kukula kwake konse, ndi mbale wa nyemba ndi nandolo.

Pa kasungidwe mpomwe pagona nkhani. Fodya afesedwa, achita maluwa, nabereka njere m'nyengo imodzi. Njerezo nzazing'ono kotero kuti zochepa za m'kabokosi ka machesi zikwanira munda wonse. Mlimi akaziumitsa bwino, wasunga mtundu wonse m'thumba. Mtengo sutero. Ku Canada, kumene tsamba la maple lili pa mbendera yawo chiyambire 1965, amaboola thunthu dzinja lawo likamatha, natunga madzi otsekemera. Malita ngati 40 akawiritsidwa atsala lita imodzi ya manyuchi. Koma mtengowo uyenera kufika zaka 30 kapena 40 usanabooledwe, ndipo eni ake saudula, sachulutsanso mabowo. Amene atunga lero akudyera thukuta la agogo ake.

Komabe si maple yense ali pabwino. Kaundula wa 2020 anasonyeza kuti mwa mitundu 158, mitundu 36 ili pangozi yakutha, yambiri ya ku China, makamaka chifukwa cha kutha kwa nkhalango. Ife tidziwa chomwecho pa mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene macheka ndi moto zaugwetsa pafupifupi wonse.

Tsono ife alimi a fodya tili pakati pa ziwirizi. Chikopa sichipsa popanda nkhuni, ndipo chigafa sichiima popanda milimo ndi mphanda. Timatentha m'sabata zochepa mtengo umene unakula zaka makumi, kuti tiumitse tsamba la miyezi ingapo. Potsegula munda, siyani misuku ndi miwanga ikuluikulu kuti izigwetsa mbewu. Dulani nthambi m'malo mwa thunthu. Ndipo pofesa fodya chaka chino, patulani bedi limodzi la mbande za mitengo, zoti mudzaziwoke ndi mvula yoyamba.