Kumene zinki wotulutsa cheza amakathera m'thupi

Thupi la munthu wamkulu limasunga magalamu awiri kapena atatu a zinki. Pofuna kudziwa kumene amakathera, ofufuza amagwiritsa ntchito zinki-65, yemwe ndi zinki wamba kungoti amatulutsa cheza cha gamma chimene makina amachiwerenga ali kunja kwa thupi. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 244 alionse.

Akamubaya mumtsempha sachedwa m'magazi. Amayamba wadzazana m'chiwindi, mu impso ndi m'kapamba, kenako pang'onopang'ono n'kusamukira m'minofu ndi m'mafupa, mmene mumakhala pafupifupi 90 peresenti ya zinki yense. Kutuluka kwake n'kochedwa, ndipo wambiri amatulukira m'chimbudzi, osati mumkodzo.

Chodabwitsa chili pa prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Ngakhale ndi kakang'ono, pa galamu iliyonse kamasunga zinki woposa wa m'ziwalo zina zonse zofewa. Chifukwa chake anachifotokoza Leslie Costello ndi Renty Franklin a ku University of Maryland. M'maselo ena ambiri a thupi, mankhwala otchedwa citrate amawotchedwa kuti pakhale mphamvu, ndipo ntchitoyo imayambira pa enzyme yotchedwa aconitase. Maselo a prostate amadzikundikira zinki wochuluka mpaka enzyme imeneyi kufooka. Citrate akapanda kuwotchedwa amawunjikana, n'kutsanuliridwa m'madzi amene amapanga umuna. Selo limalolera kutaya mphamvu yake kuti lipange madziwo. Khansa ikalowa, ZIP1, puloteni yolowetsa zinki m'selo, imachepa. Zinki amatsika kupitirira theka, aconitase imadzuka, ndipo selo lodwalalo limayamba kuwotcha citrate n'kupeza mphamvu zokulira.

Apa m'pamene ogulitsa mapiritsi amapotozera nkhani, ati kumwa zinki wambiri kumateteza ku khansa ya prostate. N'zabodza. Selo limene latseka khomo silitsegula chifukwa choti zinki wachuluka m'magazi. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2003 anapeza kuti abambo omwa mamiligalamu opitirira 100 patsiku anali pachiopsezo chowirikiza kawiri cha khansa ya prostate yofika poipa. Bambo amafunika mamiligalamu 11 okha patsiku, ndipo amapezeka mu nyama, nsomba, nyemba ndi mtedza.