Bagamoyo: Nyumba za Alendo ndi Mbiri ya Mudzi wa pa Gombe

Inu amene muwerenga nkhani ino, mwina munamvapo kuti David Livingstone anamwalira pa mudzi wa Chitambo, m'dziko lathu lino, m'caka ca 1873. Koma kodi mudziwa kumene mtembo wace unafikira? Susi, Chuma ndi anzao anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo, nanyamula thupi ulendo wa miyezi pafupifupi 9, kufikira anaona nyanja yamcere pa Bagamoyo mu February 1874. Tiyeni lero tikaceze kumeneko.

Bagamoyo ndi tauni yaing'ono ya ku Tanzania, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Dar es Salaam, moyang'anana ndi cisumbu ca Zanzibar. Dzinali licokera ku mau a Ciswahili otanthauza kutula mtima, pakuti kwa Aswahili "moyo" ndi mtima. Ena amati mtengatenga anali kutula nkhawa zace pomaliza ulendo. Ena amati kapolo anali kutayira pomwepo ciyembekezo coonanso kwao.

Kusunga alendo ndi nchito yakale pa mudziwu. Maulendo a minyanga ya njobvu ndi akapolo ocokera ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, anali kuthera pano, ndipo amalonda anafunika pogona. Nyumba yao yofikira, yochedwa Caravan Serai, iripo kufikira lero, ndipo musungidwa zinthu zakale. Ansembe a Holy Ghost anatsegula mishoni mu 1868 nalera akapolo oomboledwa. M'cacici cao ndimo munagona mtembo wa Livingstone usanaoloke kunka ku Zanzibar. Ajeremani anaika likulu lao pano, koma mu 1891 analisamutsira ku Dar es Salaam, kumene kuli dooko lakuya. Kuyambira pamenepo malonda anazilala.

Kuzilalako ndiko kunapulumutsa nyumba zakale, popeza panalibe wozigwetsa kuti amangepo zatsopano. Koma makoma ace ndi a miyala ya m'nyanja ndi laimu, ndipo cinyontho ndi mphepo yamcere zimawadya pang'onopang'ono. Nyumba yosagonamo munthu denga limadontha, mitengo nkumera m'ming'alu, mpaka khoma kugwa. Pamene eni ace aisandutsa nyumba ya alendo, ndalama za ogonamo zigula laimu ndi kulipira mmisiri. Motero mlendo wosankha kugona m'nyumba yotere athandiza kusunga mbiri, ngakhale iye sadziwa.

Mukadzapitako, njira ndi njanji ya TAZARA kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, kenaka basi. Pofika pa nyumba ya alendo, yambani mwaona cipinda, mufunse mtengo wace, muonetsetse kuti madzi alipo ndiponso kuti neti yochinga udzudzu ndi yosabooka, pakuti malungo ndi ambiri ku gombe. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, conco bvalani modzilemekeza poyenda m'miseu. Musalephere kukaona mabwinja a Kaole, makilomita 5 kum'mwera, kumene kuli mizikiti ndi manda akale kuposa tauni yeniyeniyo.

Tsono funso ndi ili: kwanuko kuli nyumba iti yakale imene ikugwa anthu akuyang'ana? Kafunseni akulu mbiri yace akali moyo, ndipo muilembe.