Mlozera Utsate Mafunso Amene Anthu Afunsadi

Mphunzitsi ali yense adziwa bvuto la kufuna dzina la mwana mmodzi m'kaundula wosalongosoka: ayamba pamwamba, nalondola ndi cala mzere ndi mzere kufikira atalipeza. Kompyuta yosunga nkhokwe ya maina ndi ziwerengero, imene aicha database, icita cimodzimodzi ngati iribe mlozera. Mizere ikakhala 1,000,000, iyenera kuiyang'ana yonse. Koma maina akandandalikidwa mwa alifabeti, munthu natsegula pakati, nataya theka, natsegulanso pakati pa theka lotsala, dzinalo lipezeka atatero ka 20 kokha. Mlozera wofala koposa, wochedwa B-tree, anaukonza Rudolf Bayer ndi Edward McCreight m'caka ca 1970.

Nanga bwanji osaika mlozera pa ciri conse? Cifukwa mzere watsopano uli wonse uyenera kulembedwanso m'milozera yonse, ndipo nchito yolemba icedwa. Kusankha kuyenera, ndipo wosankha mwa kungoganizira aphonya kawirikawiri. Mboni yeniyeni ndiyo buku la mafunso, log, m'mene makina alemba funso limene anafunsidwa ndi nthawi imene anataya poliyankha.

Kuwerenga bukuli kufuna nzeru. Pulogalamu ya MySQL, mwini wace akapanda kusintha muyeso, ilemba m'buku la mafunso ocedwa okhawo opitirira masekondi 10. Taonani tsono: funso la masekondi 12 lofunsidwa kamodzi pa tsiku lilembedwa, koma la theka la sekondi lofunsidwa ka 2,000 lidya masekondi 1,000, ndiwo mphindi zoposa 16, osaoneka konse. Cifukwa cace wanzeru atsitsa muyesowo, nasonkhanitsa mafunso ofanana, naculukitsa nthawi ndi cibwerezo cace. Atapeza funso lolemetsa, alamula makina ndi liu lakuti EXPLAIN, ndipo amuuza ngati anatsata mlozera kapena anawerenga mizere yonse.

Ife ophunzira cinenero tiri naco citsanzo pafupi. M'dikishonale mupeza msanga mau oyamba ndi "ci-", pakuti akhala pamodzi. Koma wofuna aneni otsiriza ndi "-itsa" adzatembenuza masamba onse. Momwemonso mlozera wa B-tree uthandiza funso lochula ciyambi ca liu, koma funso lochula mathero ace okha suliphulira kanthu. Buku la mafunso likaonetsa kuti anthu afunsa za mathero tsiku ndi tsiku, pafunika mlozera wina wa mau olembedwa cobwerera m'mbuyo.